Mphindi Ziwiri ku Rouen

Chisanu chalowa mpaka m'mafupa a nyumba.
Mayi Ghislaine auzira mpweya m'zala,
atsegula limba lakale la nsambo
lomwe m'mimba mwake nthenga za khwangwala
zimakodola waya, mmodzimmodzi.

Kanyimboko n'ka pepala limodzi basi.
Mwini wake anagona kalekale,
zaka mazana atatu, mwina kuposa;
inki inamudonthera pakona
ndipo chidindo cha chala chake chikadali pomwepo.

Dzanja lamanja liyamba monyang'ama
ngati mtsikana wokwera masitepe kandulo ili m'manja,
lamanzere limulonda pambuyo, mwaulemu,
osamuponda chidendene.
Pakati penipeni pali kopumira
pamene amuna awo, a Aurélien, ankatsokomola nthawi zonse.
Lero mpando uja uli zii.
Adikirabe pang'ono pamenepo
kusiyira chifuwa chija malo ake.

Kenaka katha.
Sikatsanzika n'komwe.
Khofi pazenera akadafuka nthunzi,
mabelu a kutsidya kwa Seine
sanayambe kulira.

Anyowetsa chala ndi malovu
ngati pali tsamba lina loti atembenuze.
Palibe.
Ayambanso.