Makoma Ayambe Azilala

VaMudzingwa anabwera nayo pulani ija Lachiwiri,
itapindidwa kanayi, pakona itathimbirira tiyi,
naiyala padesiki panga osapereka moni.
"Mwanawe, ndionetse ntchito yanga apa.
Wa khoma ndi uti, wa waya ndi uti,
woti ine ndikumbe ndi uti?"

Ndinawalozera sikirini:
wabuluuwu ndi madzi ozizira, wofiirawu otentha,
wobiriwirawu ukupita kusuweji.
Anagwedeza mutu.
"Ku Tynwald kulibe sikirini.
Kuli fumbi, kuli dzuwa,
kuli pepala ili la mufotokope
momwe mitundu yako yonse yafera dzenje limodzi."

Sindinawayankhe. Ankanena zoona.

Ndiye usiku uno ndatsala ndekha
pansanjika yachitatu, magetsi apita chamadzulo,
jenereta ya dokotala wa mano ikung'ung'udza kuseri,
batire la laputopu latsala theka.

Ndayamba ndi makoma.
Ndawakusira onse pa leya imodzi
ngati anthu othithikana m'kombi ya ku Mbare,
ndawauza: zilalani,
tuwani ngati utsi wa m'mawa wa Julayi.
Zitseko, mawindo, masitepe,
ndi kabati ija mwini nyumba waisuntha kasanu,
zonse zibwerere m'mbuyo, zikhale chete.
Mwaonekera mokwanira.

Kenako mapaipi.
Mzere wa ozizira ndaunenepetsa, wakuda bii, wosaduka,
kuchokera pathanki, kuzungulira garaja, mpaka kubafa.
Wa otentha ndaudula:
mzere, kadontho, mzere, kadontho,
kapumidwe ka munthu wokwera Kopje masana.
Wa zonyansa ndaupatsa kukula kwa chala chachikulu
ndi timivi toloza kotsetsereka,
poti madzi sawerenga mawu,
amangodziwa kutsika basi.
Pamene iwiri yapingasana ndasiya kampata,
wina adumphe mnzake,
asadzayese munthu kuti ndi pachibale.
Tinaonapo zimene zimachitika ikakumana:
mizere ya anthu pakiliniki ku Budiriro,
ndi maliro osagona.

Bambo anga, Fesitoni Kachingwe wa ku Ntcheu,
anakumba pansi pa mzinda uno zaka makumi atatu.
Tikamayenda m'tauni ankaima mwadzidzidzi,
kuponda phula ndi chidendene, nati,
"Apa pansi pali ine."
Ndinkayang'ana kumbali,
kuopa anzanga a kusukulu angamve.
Ovolosi yawo amayi ankaichapira payokha
m'beseni la kuseri.

Ku koleji ndinaphunzira kujambula denga lokongola,
khonde, mizati, mthunzi wa mtengo pakapinga.
Ntchito ya bambo inali kamzere kopyapyala
ngati ulusi wa kangaude,
kojambulidwa Lachisanu, anthu akuthamangira basi.
Nyumba ikatha, alendo amasisita matailosi.
Za kuseri kwa pulasitala amazikumbukira
tsiku lomwe khoma layamba kutuluka thukuta.

Magetsi abwera itakwana leveni.
Pulinta yatsokomola, yalavula tsamba,
lakuda ndi loyera, lopanda chinyengo.
Ndaligwira patali, ndatsinzina diso limodzi,
kuyesa maso a VaMudzingwa
ndi magalasi awo omanga ndi waya.
Ndalipinda kanayi. Ndalifunyulula.

Nyumba yasanduka nkhungu,
koma mkati mwake mukuyenda mitsempha,
yotupa, yopindika pachigongono,
ngati ija ya kuseri kwa dzanja la bambo
atangomanga sipanala.
Ngakhale mnyamata wa ganyu wobwera dzulo
aitsata ndi chala osafunsa.

Pakona, pomwe timalemba tsiku losintha,
ndalemba: mapaipi aonekere.
Dzina lawo palibe malo ake.

Ndapita pasinki kutsuka kapu.
Mpopi wapuma, wabuula, watulutsa mpweya wokha.
Ndatsegula chigubu chomwe ndinatunga mbandakucha
pamjigo ku Mufakose,
ndathira pang'ono, mosamala,
otsalawo ndi a mawa.