Tebulo la Chitseko

Okutobala walowa ku Sutton ndi mapazi ozizira,
mitengo ya mapulo yapsa popanda moto,
ndipo ine, amene geti langa limachita dzimbiri,
ndaitana anthu asanu ndi awiri.

Tebulo langa limakwana anayi.
Ndiye Ghislain, mlongo wanga, wazula chitseko cha shedi,
wachigoneka pa migolo iwiri,
chigwiriro chili pompo, chaloza kudenga.
Nsalu sindiyala.
Thabwa likhale lokha, ming'alu ioneke,
ndi zilembo zimene tinazokota ndi msomali
mano akutsogolo asanamere.

Pakati ndandandalika timaungu,
tina toyera ngati dzira, tina ta njerewere,
ndatiboola pamutu, ndaikamo makandulo afupiafupi.
Mabotolo a jamu ndawapala mapepala mpaka zikhadabo kuwawa,
lero ndi nyali.

Mbale sizifanana, zisafanane.
Ya maluwa abuluu inali ya mayi.
Yobenthuka mlomo ndidyera ndine.
Pa mbale iliyonse tsamba limodzi,
lopanidwa sabata yathunthu m'mafailo a msonkho,
dzina la mlendo m'inki yoyera.
La Fernande ndalemba katatu.
Masamba awiri ananyenyeka m'manja,
monga timachitira ifeyo tikakumana mu sitolo.

Ndi mkulu wanga.
Chigulitsireni munda wa maapozi
moni wathu ndi wa chibwano chokha.
Ndamuika kufupi ndi mbaula, msana wake sugwirizana ndi mphepo,
ine ndadziika uko, kumapeto.

Pa mpando uliwonse bulangeti lopinda,
lina lili ndi bowo la ndudu, ndalibisa mkati.
M'poto madzi a maapozi akung'ung'udza
ndi sinamoni ndi khungu la lalanje,
fungo lakwera masitepe, lalowa m'matumba a majasi.
Supu wa dzungu ndiperekera m'dzungu momwemo.
Buledi aliyense anyeme yekha.
Tchizi pathabwa, mpeni umodzi basi.
Nzeru yanga yonse ndi imeneyo:
chepetsa mipeni, anthu apemphana.

Réal wafika ndi matope mpaka m'mawondo,
ndi galu amene sindinamuitane.
Odile wabwera ndi payi, wapepesa kuti yapserera,
akudikira timutsutse.
Kenako kamdzukulu kake, Clovis,
kasiya khomo pululu.

Mphepo sinagogode.
Masamba anga onse balala!
Ghislain wagwera mu supu,
Odile ali pansi pa galu,
ine ndamatirira pawindo, dzina chadodolido.
Makandulo atatu thimu.
Sabata yathunthu ya kuyeza ndani akhale ndi ndani
yatha m'kuphethira kumodzi.

Anthu aseka, akhala pamene mwendo wawafikitsa.
Ndikamabwera ndi machesi
mpando wotsala ndi umodzi,
ndipo pambali pake pali Fernande,
jasi akadali chivalire,
chopukutira pakamwa wachikoleka pachigwiriro.

Chala chake chikuyenda pathabwa.
Chapeza F, chapeza G,
chaima pa M wosamaliza, wa mwendo umodzi.
Akuti, osandiyang'ana,
msomali unakubaya tsiku limenelo,
unalira mpaka nkhuku kuthawa.
Ndikuti, unandimanga ndi lamba wa diresi lako.
Akuti, mayi anandikalipira ine.

Chete pang'ono.
Atsekwe akudutsa pamwamba pa denga, akukangana za njira ya kumwera.

Tandipatsa mpeniwo, Marjolaine.

Usiku wakula, magalimoto apita limodzilimodzi,
phula lauma pachitseko, madontho ngati ndalama zachitsulo.
Sindipala.
Galu wadya theka la dzina la Odile.
Mbale ya maluwa abuluu palibe,
wanyamuliramo payi wotsala,
akuti abweza Lamlungu.

Shedi yagona kukamwa yasa.
Pa wailesi akuti chipale chili m'njira,
Ghislain akufunsa za mahinjesi.
Ndamuuza adikire kaye,
Lamlungu lidutse.