Malangizo a Chigayo cha ku Luwinga

Mvula ya Mzuzu siodira.
Inandipeza ndikupukuta makina osindikizira
m'kontena yanga ya ku Katoto,
a Mwafulirwa n'kulowa mapewa ali chonyowa,
kope la sukulu atalifungatira m'malaya.

"Nditayipireni izi.
Ndi malangizo a chigayo changa."
Masamba asanu ndi awiri, inki yofiira,
chiganizo choyamba ngati msewu wa ku Chikangawa:
kukhota, kukwera, kulowa m'nkhungu,
mpumiro osaoneka.

Ndinafunsa chimene ndimafunsa aliyense,
wa tenda, wa kalata ya ngongole, wa lipoti la bungwe:
Adzawerenga ndani?

Anakhala duu.
Kenaka: "Lusekelo, mnyamata wanga.
Sabata yatha chigayo chamudya zala ziwiri."

Ndiye tinayamba kusadza.
"Wogwira ntchito akuyenera kuonetsetsa kuti"
tinachotsa zonsezo,
kunatsala: Zimitsa.
Mneni patsogolo.
Chochita chimodzi, mzere umodzi, nambala yake.
Chenjezo linali tsamba lomaliza,
ngati wobwera maliro atayikidwa kale;
tinalikweza pamwamba, zilembo zakuda bii.

Apa mwati sefa, apa chisefero, apa neti.
Sankhani, bambo.
Mwana wa maina atatu sayankha msanga.

"Manga lamba bwino." Bwino ndi chiyani?
"Ukadina, alowe chala chimodzi," iwo anatero,
tonse n'kuyang'ana pansi.
Tinalemba masentimita awiri.

Magetsi anathima tili pa nambala faifi.
Sindinatukwane. Ndimasunga ndime iliyonse
chichokereni lipoti la a Msowoya,
masamba makumi anayi omwe anapita ndi mdima
ine n'kugona pampando kuwabwereza.
Dzina la fayilo: chigayo, tsiku, kachiwiri.
Sinditchulanso fayilo kuti "yomaliza";
ndili nazo zomaliza zisanu ndi zinayi.

Atayaka, tinatenga chithunzi m'foni mwawo,
ndinajambula mivi itatu:
batani lofiira, chivundikiro,
ndi pomwe dzanja lisafike.

Ndinakana kusindikiza.
Pepala losayesedwa ndi mlatho wosapondedwa.
Mubwere naye mawa.

Anabwera pa kabaza,
dzanja lili m'bandeji yotuwa ndi gaga.
Ndinamupatsa pepala: werenga mokweza,
pomwe upunthwe ndi pomwe talakwa ife.
Anawerenga pang'onopang'ono,
wanu, thuu, mpaka sikisi,
n'kuima.

"Apa mwalumpha.
Ukazimitsa, nyundo zimazungulirabe.
Phokoso limatha, koma zimazungulirabe."

A Mwafulirwa zaka makumi awiri ali m'chigayo.
Kudikira kumeneko kunalowa m'manja mwawo kalekale,
n'chifukwa chake sikunafike pa pepala.
Anavula chipewa.
Palibe anayankhula
kufikira mvula itayambanso pa malata.

Ndinatsegula mpata pakati pa faifi ndi sikisi,
manambala n'kusuntha okha kupereka malo:
Werenga mpaka makumi atatu usanatsegule.
Pansi ndinalemba tsiku,
ndi dzina la amene waunika: Lusekelo Kayange.
Analiyang'ana nthawi yaitali.

Tsamba limodzi.
Ndinalikuta pulasitiki kuopa fumbi la ufa,
ndi kuboola pokhomera msomali.

Ine ndimalipiritsa pa tsamba.
Mayi wa kontena yoyandikana anandiseka:
asanu ndi awiri wawasandutsa limodzi,
udya chiyani madzulo?
Ndinawerenga ndalama zanga, zinali zochepadi.
Ndinaziwerenganso ndi zala,
zonse khumi.