Aunsi Imodzi

Khadi lija ndalipeza m'chitini cha mabisiketi,
pansi pa malisiti a fodya wa malemu bambo
ndi mabatani a malaya amene anatha kalekale.
Chiswe chinadya ngodya, manambala chinawasiya:
mapaundi atatu, maaunsi khumi ndi imodzi.
Chipatala cha Nkhamenya, mwezi wa Juni.
Pa mzere wa dzina palibe dzina,
anangolemba kuti mwana wa Nachisale,
pakuti kanthu kolemera ngati msoti
sathamangira kukatcha.

Ine ndimagula soya pa Chatoloma.
Sikelo yanga ndimaikoleka pa nthambi ya mango;
makilo imawadziwa, theka imalidziwa ikafuna.
Mlimi akaiyang'ana chammbali ndimati,
"Kadontho aka, ankolo, mpaka tikangane?"
Kadonthoko kamagwera kwanga. Ndiwo malonda.

Ndinafunsa Tiyese, mwana wanga wa fomu 2,
kuti aunsi n'chiyani.
Anadina foni osandiyang'ana:
magalamu makumi awiri, asanu ndi atatu, ndi kanyenyeswa.
Ndinatapa mtedza wosenda dzanja losadzaza,
kuthira m'jumbo, kukoleka pa mbedza.
Muvi wa sikelo uli zii,
ngati ndapachikapo mphepo.

Koma amayi akuti m'mawa uliwonse,
mame asanaume pa kapinga wa kumishoni,
Sisitala Filomena ankandigoneka m'mbale yachitsulo
n'kumakankha kachitsulo ndi chikhadabo
pang'ono,
pang'ononso,
mpaka mpiringidzo utaleka kunjenjemera.
Amayi sadziwa kuwerenga.
Ankawerenga pamphumi pa sisitala.
Aunsi ikakwera, ankamanga mfundo pa luzi
lomwe ankabisa m'chiuno;
ikatsika, ankamasula ndi mano.
Mkaka ankafinyira m'kapu
n'kumandidonthezera ndi supuni,
poti bere linali lalikulu kuposa njala yanga.

Panali Lachinayi lina, anamasula ziwiri.
Azakhali anabwera ndi kansalu koyera kopinda bwino,
ntchito yake sanainene.
Amayi anakakhalira kansaluko usiku wonse
kuti pasapezeke wokatambasula.

Mfundo zitakwana makumi awiri ndi imodzi
anatitulutsa: mapaundi asanu ndendende.
Bambo anandinyamula, kundiyesa m'manja ngati chikukuzi cha fodya,
nati, "Lemerani."
Mpaka lero anthu amayesa ankanena za ndalama.
Inenso ndinkayesa choncho.

Sabata yatha ndinawanyamula amayi
kuchoka pamphasa kukafika pamsewu pokwerera galimoto.
Msana wanga sunama, wasenza matumba zaka makumi atatu:
Nachisale sakukwananso thumba.
Akupita pang'onopang'ono, njira yomwe ndinadzera ine,
koma iwo chobwerera,
ndipo kuchipatala amalemba makilo athunthu,
tim'kati timangotayika monga pa sikelo yanga.

Madzulo ndimawamwetsa phala la mtedza.
Supuni zitatu, atembenukira kukhoma.
Ndimati imodzi yokha, amayi.
Iwo amaseka, mano awiri otsalawo poyera:
"Iwe unkalavula kuposa pamenepa."
Luzi ndinagula, lili m'thumba la jekete.
Sindinamangepo mfundo.

Dzulo kunabwera mtsikana wa ku Simlemba,
khanda kumsana, soya m'kathumba ka feteleza,
akuti akufuna yokwerera popita kusikelo.
Ndinakoleka.
Muvi unadutsa pa seveni
n'kukaima pamalo popanda nambala,
pomwe ndakhala ndikudyera zaka zonsezi.
Khanda linatulutsa phazi m'nsalu,
phazi losaposa chala changa chamanthu.

Ndinayang'ana muviwo nthawi yaitali,
cholembera chili m'kamwa,
anzanga a mbali inayo akuitana makasitomala,
mpaka mtsikanayo anasuntha mwana nandifunsa:
"Bwanji, bambo, sikelo yafa?"