Funso la nambala 14

Anatipatsa mafomu makumi atatu aliyense.
A Dokotala Kampondeni anati:
musakhalitse pakhomo limodzi,
musalonjeze kanthu,
musalire pamaso pa wofunsidwa.
Tinalemba zonsezo m'makope
ngati zidzabwera pa mayeso.

Wakabaza ananditsitsa ku Mtandire,
pomwe tala amathera
ndipo mipanda ya ku Eriya 47 yatembenuza msana.

Khomo lachisanu ndi chiwiri.
Mayi Nangondo akuchapa mayunifomu a ana a eni ake,
thovu mpaka m'zigongono.
Anandikankhira chigubu ndi phazi kuti ndikhalire.

Mutu wa banja ndani?
Anaseka.
"Lembani kuti mutu unapita ku Joni,
kuno kunatsala khosi."
Pafomu pali mabokosi awiri basi.
Ndinachonga lachiwiri.

Mumakhala angati m'nyumba muno?
"Masana kapena usiku?
Poti usiku amabwera Mwatitha, mwana wa oyandikana nawo,
bambo ake akalandira malipiro."
Ndinadikira kuti apitirize.
Anafinya kabudula, madzi n'kugwera m'beseni.

Tsono nambala 14.
Dzulo munadya kangati?
"Ine kapena ana?"

Ndinayang'ana pepala ngati lingandithandize.

"Chaka chatha kunabwera mnyamata wamagalasi,
anafunsa zomwezi.
Chaka chinacho atsikana awiri a mabaji pachifuwa.
Njala yangayi yatenga madigiri angati, mwanangu?
Ikanakhala munthu
bwenzi pano ili ndi ofesi ku Kapitolo,
ndi galimoto, ndi woiyendetsa."

Mawu ndinali nawo, si kuti ndinalibe.
Zaka zitatu ndakhala ndikuloweza
mayina aakuluakulu a zomwe zili pakhomo pano,
ndinakhoza bwino lomwe phunziro la umphawi wa m'matauni.
Koma sindinawauze kuti ndinakulira ku Mgona,
kuti tsiku lina mlendo wacholembera anakhalira ndowa yathu
amayi n'kuyankha kuti katatu,
mokweza,
chifukwa ife tinali kumvetsera kuseri kwa katani.
Katatu ameneyo alipo penapake mpaka lero,
m'buku lokutidwa bwino,
ndipo mwina ndinamuwerenga pokonzekera mayeso.

"Nanga iwe wadya?"
Ngongole ya sukulu inali isanatuluke, sabata yachitatu.
Ndinati ndadya.
Anandiyang'ana milomo.
Anapukuta manja m'chitenje, analowa,
anatuluka ndi mbatata imodzi yadzulo
n'kuinyema pakati.
Chachikulucho anapatsa ine.

Musakhalitse, anatero a Dokotala.
Za mbatata sananenepo.
Ndinakhala mpaka zovala zinayamba kuuma pachingwe,
tikukamba za lendi, za mzere wa ku Bwaila,
za Mwatitha, yemwe ali Sitandade 6
ndipo amagona atavala nsapato.

Usiku uno ndili m'chipinda cha makompyuta.
Anzanga akulowetsa manambala, akuthamangira magetsi asanazime.
Kabokosi ka nambala 14 kamalandira chiwerengero chokha,
ndikalemba mawu kamafiira.
Pansi pake pali kamzere ka "zina, fotokozani",
kutalika kwake ngati chala changa chaching'ono.

Ndalemba 1.
Ndafufuta.
Ndalemba 1 kachiwiri, poti theka sikalola.

Dzina la Mwatitha palibe pomwe lingalowe,
ndalilemba m'dzanja,
mawa ndikagogoda ku ofesi ya zachisamaliro cha ana
ngakhale sindinatumidwe.

Fomu yachisanu ndi chiwiri yapindika pangodya
pomwe anadinda chala chonyowa
kuvomera kuti ndawafotokozera zonse
ndipo amvetsa.
Ikununkhirabe sopo.