Tonse Timayeza

Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse
ndimafunditsa makina anga chitenje chakutha,
n'kukwera kabaza kuwoloka mlatho
kukakhala pa benchi ya odwala shuga.
Ife timafika nkhuku zisanatsike.
Iwo amafika dzuwa litayamba kuwawa.

Chipinda nambala sikisi.
Mpando wawo ndi wozungulira,
wanga ndi wathabwa, mwendo umodzi waufupi.
Ndimavula kofiya pakhomo
ngakhale palibe anandiuzapo kutero.
"Mankhwala mukumwa?"
"Eya, adokotala."
Cholembera chimathamanga m'kabuku kanga
ngati nkhuku yopalasa pamatope.
Kabukuko ndi kanga, ndinagula ndekha pageti,
koma zolembedwamo sizinandilankhulepo.

Eya uja linali bodza.
Mwezi wonse wa Ramadani
piritsi la masana ndinkalibweza m'kapepala,
mpaka tsiku lina pa swala
mutu unazungulira, mzikiti n'kupendekeka.
Sindinanene. Sanafunse.
Panja panali anthu makumi asanu ndi limodzi
akukhosomola dala kuti tifulumire,
ndipo m'khutu mwanga munali mukadali mawu aja
anauza mayi wina wa ku Namwera
chitseko chili pululu:
"Ngati mumadziwa kale, mwadzatani kuno?"

Ndiye Loweruka lapitali, taonani,
galimoto yaima pakhonde panga,
pafupi ndi anyamata omata matayala.
A Dokotala Nkhonjera, opanda chovala choyera,
thalauzi la suti lili m'jumbo.
Ukwati wa mlongo wawo ndi mawa
ndipo batani lakana kukumana ndi bowo lake.
Sanandizindikire.
Kwa iwo ndine kabuku; nkhope sanaiwerengepo.

"Imani mowongoka." Anaima.
"Kwezani manja." Anakweza.
Tepi itazungulira m'chiuno
ndinamva mimba ikuthawira m'kati,
mpweya ataugwira ngati mwana wosambira mu Shire.
"Sate-folo," anatero, "kuyambira kale."
Tepi inkati sate-eyiti.
Kani nawonso amanama akamayezedwa!

Ndikanatha kulemba sate-folo m'kope langa lamafuta
osadzutsa mutu,
n'kuwasiya akang'ambikire pakati pa operekeza.
Mtima unandiuza zimenezo, sindibisa.
Koma ndinati, "Pumani, bwana, tepi sikalipa.
Mukandibisira ine, nsalu ikaulula pagulu."
Anatulutsa mpweya, anaseka,
mimba inabwerera kwawo.

Kaya n'chifukwa lumo linali m'manja mwanga,
kaya n'chifukwa khondelo lendi ndimalipira ndine,
lilime linamasuka lokha:
"Ndine Ajibu Saiti, wa Lachitatu, nambala sikisi.
Ulendo watha ndinakunamizani."

Anakhala pampando wa makasitomala,
nawonso mwendo umodzi waufupi,
n'kundifunsa mafunso asanu ndi awiri.
Ndinawerenga ndi zala pansi pa tebulo.
Akuti zinali zotheka kukonza nthawi,
daku pake, futali pake,
ndikananena.
Ndinati, mukanafunsa.
Anati, tsiku limenelo ndinaona anthu zana ndili ndekha.
Ndinati, tsiku limenelo ndinali ndi thupi limodzi lomweli.
Tonse tinayang'ana singano.

Thalauzi ndinalimasula kumbuyo,
nsalu inalipo yokwanira, yobisika m'msoko.
Mtengo sindinachotsere ngakhale tambala.
Analipira, n'kufunsanso dzina langa kawiri,
ngati akulisokerera penapake.

Lachitatu likubwerali
benchi idzakhala yodzaza monga mwa masiku onse.
Mpando wozungulira udzakhala wawobe,
cholembera chawobe,
ndipo mwina dzina lija lidzakhala litasosoka.
Sindine mwana.
Koma pa chidutswa cha nsalu yakuda
ndalemba ndi choko changa mafunso atatu,
lachitatu lake ndi lakuti:
mwalembamo chiyani m'kabuku kangaka?
Ndachipinda, chili m'thumba la malaya,
pamene kale ndinkabisa mapiritsi.

Za kofiya sindinaganize.
Ndikaona pakhomo pomwepo.