Cham'belo la Lachiwiri

M'belo la Lachiwiri,
pakati pa majuzi onunkha mankhwala a m'sitima,
ndinapeza chidole cha nyama:
maso achikasu, otong'oka,
mchira wautali kuposa mwini wake,
poyera, pakuda, poyera, pakuda,
ngati powolokera msewu pa Limbe.

"Uyu ndi changa," ndinatero,
pokumbukira wolira usiku m'mitengo ya ku Michiru.
Mwandida anapukusa mutu, chala chili pa foni:
"Ndi msuweni wake, amayi, wa ku Madagasika.
Dzina lake ndi lima."
Ndinaseka. Alima chiyani ndi timanja timeneti?

Mwana anawerenga, ine ndikupinda masiketi.
Akuti kwawoko wotsogolera gulu ndi wamkazi,
bwemba likapsa amayamba ndiye kudya,
amuna amadikira pambali, chete.
Mayi Nankhoma a benchi yoyandikana nafe
anawomba m'manja:
"Basi yopita kumeneko imakwerekera pati?"

Akuti amuna akayambana sathamangira kulumana,
amapaka fungo la m'mikono pa mchira
n'kumakupizirana kumaso
mpaka wina atopa nako kununkha.
Akuti poyenda m'udzu michira amaiimika njo,
kuti wotsalira aone kumene anzake alowera.
Khanda limayamba lakakamira pamimba,
kenako kumsana, popanda mbereko.

Akuti kukacha amakhala tsonga,
manja tambalale, chifuwa kudzuwa.
Zimenezo sindinafunse kawiri.
Ndimo timakhalira ife mu Juni,
chiperoni chikang'ambika pang'ono pamwamba pa Soche.

Madagasika.
Dzinali ndinalimvapo kale, pa wailesi,
sabata imene mvula inakana kuleka.
Namondwe anadzera kumeneko asanatipeze ku Chilobwe.
Kodi usiku umenewo iwo anagwira nthambi iti?
Mwandida akuti kukazizira amaunjikana pamodzi,
mutu pamsana pa mnzake, michira atafunda,
osadziwika uyu ndani, uyo ndani.
Ifenso tinagona choncho m'kalasi,
mabanja khumi ndi awiri,
ndipo m'mawa tinawerengana,
osakwana.

Madzulo ano bambo wina wa tayi waima,
wachinyamula chidolecho ndi mchira.
"Zingati ichi? Mwana wanga angachikonde."

Ndachilanda mwaulemu,
ndachipukuta fumbi la basi pamphuno,
ndachikhazika pamwamba pa mulu wa majuzi,
chifuwa chitaloza kumene dzuwa latsalira.

"Pepani, bambo, sankhani china.
Ichi ndi changa."